Kuchalira mfuti pa makina a m'manja: mabatani, stylus, tindodo, gyro kapena mausi?

Magemu a mfuti amene wosewera amaona zonse kudzera m'maso mwa munthu wa m'gemumo, amene osewera amangowatchula kuti FPS, anakulira pa kompyuta ya patebulo. Kumeneko ntchito inagawika bwino kalekale: dzanja lamanzere limayendetsa munthuyo pa kiyibodi, lamanja limatembenuza maso ndi mfuti ndi mausi, ndipo tebulo limasenza zida zonse pamodzi ndi sikirini. Pa makina a m'manja monga Nintendo DS, PSP, PlayStation Vita, Switch ndi Steam Deck tebulo palibe, choncho manja amene akufunika kuyenda, kucheuka, kuchalira ndi kuwombera ndi omwewonso amene anyamula sikirini imene maso akuyang'anapo. Kuchokera mu 1991, pamene Faceball 2000 inatuluka pa Game Boy, makampani akhala akulimbana ndi vuto limeneli, ndipo njira iliyonse imene anapeza inakonza mbali ina n'kusiya ina ili pamtunda.

Munthu asanayambe kuyerekeza njirazi, pali kusiyana kumodzi kumene ayenera kukumvetsa, chifukwa ndi kumene kumafotokoza pafupifupi zonse zimene zala zimamva posewera. Zida zina zimauza gemu liwiro limene maso atembenukire, pamene zina zimaiuza mtunda umene atembenuke. Kandodo ka analog kali m'gulu loyamba: mukakakankha pang'ono maso amatembenuka pang'onopang'ono, mukakakankha mpaka kumapeto amathamanga, ndipo sasiya kufikira mutakasiya. Zili ngati kudzaza ndowa pampopi, pamene simungalamule mwachindunji kuti madzi afike pamzere wakuti, koma mumangotsegula, n'kudikira, kenako n'kuyesetsa kutseka nthawi yake isanapitirire. Mausi, stylus (kacholembera kokhudzira sikirini), trackpad (kabwalo kotsetserekapo chala) ndi gyro (kachipangizo komva kutembenuka kwa makina) zili m'gulu lachiwiri, pakuti dzanja likayenda pang'ono mfuti imayendanso mlingo wofanana nawo, ndipo dzanja likaima nayonso imaima pomwepo. Thupi la munthu limaphunzira msanga njira yachiwiriyi, chifukwa ndi mmene timalozera zinthu tsiku ndi tsiku, ndipo n'chifukwa chake wosewera wa mausi amatha kulumphira pa mdani ndi kugwedeza kumodzi kwa dzanja pamene wa kandodo amafika pafupi, n'kupitirira pang'ono, n'kubwereranso.

Njira ya mabatani okhaokha sifuna mawu ambiri. Game Boy Advance, imene inatuluka mu 2001, inali ndi D-pad (batani looneka ngati mtanda lolozera mbali zinayi), mabatani a A ndi B, ndi awiri apamwamba a L ndi R, ndipo m'chaka chomwecho inalandira Doom ndi Ecks vs. Sever, kenako Duke Nukem Advance mu 2002. Pa Doom, D-pad imapititsa munthu kutsogolo ndi kumbuyo ndi kumutembenuza, pamene L ndi R amamusunthira cham'mbali. Zimenezi zinatheka chifukwa Doom ya 1993 sinkafuna kuti wosewera ayang'ane kumwamba kapena pansi: mukangolunjika mbali imene mdani ali, gemu imakweza kapena kutsitsa yokha chipolopolo. Pa magemu opangidwa motero mabatani amakwanirabe mpaka lero, koma gemu ikangofuna kuti mulase mutu wa msilikali amene wabisala pawindo la nyumba yosanja, njirayi imathera pomwepo.

PSP, imene Sony inatulutsa ku Japan mu Disembala 2004, inali ndi mphamvu zojambula magemu ooneka pafupifupi ngati a PlayStation 2, koma inabwera ndi kachoyendetsera ka analog kamodzi kokha, kathyathyathya, kali kumunsi kumanzere. Pamenepa opanga magemu anagwira njakata. Coded Arms ya Konami mu 2005, Medal of Honor: Heroes mu 2006 ndi Call of Duty: Roads to Victory mu 2007 anagwiritsa ntchito mabatani anayi akumanja, a katatu, bwalo, mtanda ndi kanayi, ngati kandodo kachiwiri: la katatu kuyang'ana kumwamba, la mtanda kuyang'ana pansi, ena awiriwo kumanzere ndi kumanja. Vuto lake n'lakuti batani limadziwa zinthu ziwiri zokha, kudinidwa ndi kusadinidwa, choncho palibe kutembenuka pang'ono kapena kwambiri, ndipo wosewera amakakamizika kumagogoda batanilo mobwerezabwereza kuti mfuti ifike pamene akufuna. Kuwonjezera apo, mabatani amene akanagwira ntchito yolumpha, yodzaza zipolopolo kapena yosintha mfuti atengedwa kale, ndiye ntchitozo zimapita ku D-pad, imene chala chachikulu chamanzere sichingaifike popanda kusiya kuyendetsa munthu.

Ena amakonda kutembenuza dongosololi, kuti mabatani anayi aja aziyendetsa munthu ndipo ka analog kazichalira, mofanana ndi mmene Turok inkachitira pa Nintendo 64 mu 1997. M'maganizo anga imeneyi ndi njira yanzeru kwambiri pa ziwirizi, chifukwa kuyenda kumalolera kukhwimitsa kwa mabatani, monga mmene osewera a pa kompyuta amayendera ndi makiyi anayi okha, pamene kuchalira kumafuna kufewa. Mtengo wake ndi wakuti munthu wozolowera kuchalira ndi chala chamanja ayambirenso kuphunzira ndi chamanzere. Opanga magemu ena anangoona kuti kulimbana ndi mtunda wopanda madzi n'kutaya nthawi: Killzone: Liberation ya 2006 inasiyiratu kuona kudzera m'maso mwa msilikali n'kuika kamera pamwamba, ndipo Resistance: Retribution ya 2009 inaika kamera kumbuyo kwa munthu n'kupereka bokosi lalikulu pasikirini limene mdani aliyense wolowamo amachaliridwa yekha. Kuthawa kumeneku ndi umboni wokwanira wa mmene njira ya mabatani anayi inalili yopereŵera.

Nintendo DS inatuluka chaka chomwecho cha 2004, ndipo ngakhale inali yofooka kuposa PSP pa zithunzi, inapeza yankho limene ndimaliona kuti linali lolondola kwambiri pa nthawi yake. Makinawa anali ndi masikirini awiri, ndipo yapansi inali yokhudza ndi kacholembera kapulasitiki kotchedwa stylus. Metroid Prime Hunters, imene chidutswa chake choyeserera chinaperekedwa pamodzi ndi makina oyambirira ndipo yathunthu inatuluka mu 2006, inaika nkhondo pasikirini yapamwamba n'kusandutsa yapansi kukhala malo otsetserekapo stylus ngati mausi. Chala chachikulu chamanzere chimayendetsa Samus, munthu wa m'gemuyo, pa D-pad, chamkombaphala chamanzere chimawombera pa L, ndipo kugogoda sikirini kawiri kumamulumphitsa. Wamanzere nayenso anaganiziridwa, pakuti dongosololi limatha kutembenuzidwa kuti mabatani a A, B, X ndi Y aziyendetsa ndipo R aziwombera. Chinthu chanzeru apa, chimene mafoni a masiku ano alibe, n'chakuti dzanja lochalira silitchinga chimene mukuchiwombera, chifukwa likugwira ntchito pasikirini ina. Dementium: The Ward ya 2007, Moon ya 2009, ndi magemu a Call of Duty amene kampani ya n-Space inakonzera DS anatsata njira yomweyi, ndipo aliyense amene anaizolowera amadziwa kuti kutembenuka mwadzidzidzi n'kulasa mdani amene akulumpha kunali kotheka ndithu.

Koma kulondola kumeneku kunkalipiridwa ndi dzanja lamanzere. Popeza lamanja lagwira stylus, makina onse, olemera magalamu 275 pa DS yoyamba ndi 218 pa DS Lite, amatsamira pa dzanja limodzi, limene panthawi yomweyo likudina D-pad ndi kukanikiza L mosalekeza, kwinaku stylus ikukankhira makinawo pansi kuchokera mbali inayo. Pakapita kanthawi chikhatho chimachita dzanzi ndipo zala zimakungika. Nintendo inapereka kachingwe kokhala ndi kapulasitiki kovala kuchala chachikulu kuti munthu azichalira atagwira makina ndi manja onse awiri, koma chala chachikulu sichifika patali pasikirini ndipo sichilondola ngati nsonga ya stylus. Vutoli linaonekeranso pa Nintendo 3DS mu 2012, pamene Kid Icarus: Uprising, imene si FPS koma imachalira ndi stylus mofananamo, inagulitsidwa pamodzi ndi kachoimikira kapulasitiki koti makina azikhalapo patebulo. Makina a m'manja akafika pofuna choimikira, ndiye kuti wopanga wavomereza yekha kuti manja awiri sakukwanira. Komabe, kwa munthu amene angatsamiritse makina pabondo kapena pamtsamiro n'kusewera kwa nthawi yochepa, stylus imaposa njira ina iliyonse ya m'badwo umenewo.

3DS yeniyeniyo inali ya pakatikati. Inayamba mu 2011 ndi kachoyendetsera ka analog kamodzi kotchedwa Circle Pad, kenako kunabwera Circle Pad Pro, chigoba chovalika chimene chinkawonjezera yachiwiri n'kunenepetsa makinawo mbali imodzi, ndipo mu 2014 New 3DS inabwera ndi C-Stick, kanthu kolimba ngati nsonga yofufutira ya pensulo, kamene sikayenda koma kamamva mphamvu ya chala. Kamathandiza kutembenuza kamera, koma pochalira kabatani kameneka n'kouma kwambiri.

Tindodo tiwiri tenitenidi tinafika ndi PlayStation Vita, ku Japan mu Disembala 2011 ndi kumaiko ena mu Febuluwale 2012. Dongosolo lake ndi limene aliyense wosewera pa PlayStation kapena Xbox amalidziwa, lamanzere kuyenda, lamanja kucheuka, limene linakhazikika pambuyo pa Halo mu 2001. Resistance: Burning Skies inayamba nalo mu 2012, Call of Duty: Black Ops Declassified inatsatira chaka chomwecho, ndipo Killzone: Mercenary ya Guerrilla Cambridge mu 2013 ndi imene inasonyeza bwino zimene makinawo angachite. Ubwino waukulu wa njirayi ndi wakuti manja onse awiri amagawana kulemera mofanana, sikirini imakhala chilili, ndipo palibe chatsopano choti munthu aphunzire. Mungasewere mutakhala, mutagona chagada kapena muli m'galimoto yoyenda, ndipo tindodo sitisamala za zimenezo. Pa zifukwa zimenezi njirayi ndi imene inasanduka maziko a makina ambiri a m'manja amene anabwera pambuyo pake.

Chimene anthu ambiri saganizira n'chakuti kandodo ka makina a m'manja si kofanana ndi ka chowongolera cha pa TV. Kuti makina alowe m'thumba kapena m'chikwama, kandodoko kamafupikitsidwa, ndipo kandodo kakafupi kamayenda mtunda waufupi kuchokera pakati kufika kumapeto. Liwiro lonse, kuyambira kukwawa mpaka kuthamanga, limapanikizidwa m'mamilimita ochepa, choncho kulakwitsa pang'ono kwa chala kumakhala kulakwitsa kwakukulu pasikirini. Pakati penipeni palinso dera limene gemu imanyalanyaza dala kuyenda kulikonse, kuti kandodo kotha kapena kosakhazikika kasamayendetse mfuti kokha, ndipo dera limeneli limadya mbali ya mtunda umene unali kale wochepa. Tindodo ta Vita ndi ta Joy-Con, zowongolera zochotseka za Switch, tonse tili ndi vuto limeneli. Vita inalinso yosowa mabatani: inalibe L2 ndi R2, mabatani achiwiri apamwamba, ndipo tindodo take sitinkadinika, choncho ntchito monga kuthamanga, kuponya bomba kapena kumenya ndi mpeni zinkasamutsidwira pasikirini yakutsogolo kapena pamalo okhudza akumbuyo, pomwe zala zonyamula makina zimagunda mwangozi. Borderlands 2, imene inasamutsidwira pa Vita mu 2014 kuchokera ku makina okhala ndi mabatani ambiri, inavutika kwambiri ndi kupereŵera kumeneku.

Tindodo sitiyenda tokha, timadalira chithandizo chobisika chimene gemu imapereka pochalira. Mfuti ikadutsa pa mdani, gemu imachepetsa liwiro la kutembenuka kuti musapitirire. Mdani akasuntha, imakoka mfutiyo pang'ono kuti imutsatire. Ndipo magemu ena amapinda njira ya chipolopolo chimene chikanaphonya pang'ono. Palibe chochititsa manyazi pamenepa, pakuti popanda chithandizochi magemu ambiri sakanaseweredwa ndi zala zazikulu. Koma wosankha njira ayenera kudziwa kuti kulondola kwa tindodo kumasiyana gemu ndi gemu malinga ndi mmene opanga anakonzera chithandizocho, ndipo gemu ya pa kompyuta imene inapangidwira mausi yokha, ikaseweredwa ndi tindodo pa Steam Deck, imakhala yowawa ngakhale makinawo ali abwino.

Apa ndi pamene gyro imalowera, ndipo ndi njira imene ndikuiona kuti ikuyenera kupatsidwa nthawi yambiri kuposa imene osewera ambiri amaipatsa. M'kati mwa makina muli kachipangizo kamene kamayeza liwiro limene makinawo akuzungulira, ndipo gemu imaphatikiza miyezo imeneyi kambirimbiri pa sekondi kuti idziwe madigiri amene manja atembenuka. Zotsatira zake n'zakuti makina onse amasanduka mausi yopanda tebulo. 3DS ndi Vita zinali nayo kale, ndipo The Legend of Zelda: Ocarina of Time 3D ya 2011 inkalola kuchalira uta potembenuza makina, koma gemu imene inaphunzitsa anthu ambiri njirayi ndi Splatoon, pa Wii U mu 2015, ndi Splatoon 2 pa Switch mu 2017. Doom ya 2016, imene kampani ya Panic Button inasamutsira pa Switch mu Novembala 2017, inalandira gyro kumayambiriro kwa 2018, ndipo Overwatch inafika nayo mu 2019. Chinsinsi chake n'chakuti gyro sichotsa kandodo, koma imagawana nako ntchito: kandodo kamatembenuza munthu kwakukulu, monga pokhota pakona kapena pocheukira phokoso lakumbuyo, ndipo manja amamalizitsa kachidutswa kotsala kamene chala chachikulu chimalephera nthawi zonse. Phindu lina n'lakuti chala chachikulu chamanja chimatha kuchoka pa kandodo kukadina batani lolumpha kapena lodzaza zipolopolo mfuti ikadali kutsatira mdani.

Pa makina a m'manja gyro ili ndi vuto limene pa TV palibe, ndipo osalibisa: chinthu chimene mukutembenuza ndi sikirini yomweyo imene mukuyang'ana. Ngati mwaika gemu kuti digiri imodzi ya manja ikhale digiri imodzi ya m'gemu, ndiye kuti kutsatira mdani wodutsa kudzachotsa sikirini pamaso panu. Yankho lake limadabwitsa oyamba kumene, chifukwa iwo amathamangira kuchepetsa mphamvu ya gyro poopa kunjenjemera, pamene chofunika ndi kuikweza, kuti kupendeketsa makina ndi madigiri 10 kutembenuze maso a m'gemu ndi madigiri 30 kapena 40, sikirini ikadali yooneka bwino. Kunjenjemerako kumatha munthu akatsamiritsa zigongono pamiyendo kapena m'nthiti n'kusiya mfundo za manja zokha kuti zizigwira ntchito. Palinso nkhani ya mbali imene makina azunguliridwe pocheukira kumanzere ndi kumanja: ena amawatembenuza ngati akucheukitsa nkhope ya sikirini, ena amawapendeketsa ngati chiwongolero cha galimoto, ndipo pulogalamu ya Steam Input ya pa Steam Deck, yopangidwa ndi kampani ya Valve, imalola kusankha imodzi kapena kuphatikiza zonse. Wosewera atagona ayenera kusamala kwambiri ndi zimenezi, chifukwa dongosolo limene limadalira kudziwa kumene kuli pansi limasokonezeka munthu akagona chammbali.

Funso lina ndi la nthawi imene gyro iyenera kukhala yoyaka. Ikamayaka nthawi zonse, manja akafika pamapeto a kutembenuka kwawo munthu amafunika njira yowabwezera pakati popanda kubweza mfuti, monga mmene wa mausi amainyamulira ikafika m'mphepete mwa tebulo. Splatoon ili ndi batani la Y lobwezera kamera pakati. Magemu ambiri ankhondo amayatsa gyro pokhapokha mwadina batani loyang'anira m'chochalira cha mfuti, ndipo iyi ndi njira yofewa kwambiri kwa woyamba, ngakhale imamusiya ndi kandodo kokha pamene mdani wamutulukira pafupi. Steam Deck inapeza njira yaukhondo kwambiri: mitu ya tindodo take imamva kukhudza kwa khungu, choncho mungaike kuti gyro iziyaka chala chikakhala pa kandodo kakumanja ndi kuzima chikachoka. Malire ake enieni ndi malo amene mukusewerera. Mu minibasi yoyenda pamsewu wa zigumugumu, kukhota ndi kudumpha kulikonse kwa galimoto kumalowa mu mfuti, ndipo pamenepo ndi bwino kuizimitsa. Gyro imamvekanso yolemera pa gemu yoyenda zithunzi 30 pa sekondi, monga Doom pa Switch, kusiyana ndi Metroid Prime Remastered ya 2023 imene imayenda 60, chifukwa dzanja limazindikira msanga kuchedwa kwa chithunzi pamene likuyembekezera kuti chilitsatire pompopompo.

Kwa amene azolowera gyro n'kuyamba kuona kuti kandodo kakumanja kakuchedwetsa, pali njira yotchedwa flick stick, imene inayambitsidwa ndi Jibb Smart, wolemba pulogalamu ya JoyShockMapper. Mmenemu kandodo kamasiya kuuza gemu liwiro n'kuyamba kuiuza mbali: mukakakankhira kumanja munthu amatembenuka madigiri 90 nthawi yomweyo, mukakakokera pansi amacheuka kumbuyo kwenikweni, ndipo mukakazunguliza m'mphepete amazungulira nako. Kuyang'ana kumwamba ndi pansi kumasiyidwa m'manja mwa gyro yokha. Valve inaika njirayi mu Steam Input, ndipo Fortnite inailandira mu 2022. Pa chowongolera cha pa TV ndi njira yachangu zedi, koma pa makina a m'manja ndimaikayikira pang'ono, pakuti gemu yokhala ndi adani ambiri ochokera kumwamba imakakamiza munthu kupendeketsa sikirini kwambiri popanda kandodo komuthandiza.

Steam Deck, imene inayamba kufika kwa ogula mu Febuluwale 2022, inawonjezera chida china chimene Valve inayamba kuchiyesa pa Steam Controller mu 2015: timabwalo tiwiri tokhudza, ma trackpad, kamodzi pansi pa kandodo kalikonse. Kakumanja kamagwira ntchito ngati mausi pansi pa chala chachikulu, ndipo kangaikidwe kuti chala chikaseseretsedwa mwamphamvu maso apitirize kutembenuka ngati mpira wogubuduzika mpaka mutakhudzanso. Tinganene kuti nzeru ya stylus ya pa DS inabwereranso, koma tsopano manja onse awiri agwira makina. Malo ake ndi ochepa, mamilimita oposa 30 pang'ono mbali iliyonse, choncho paokha amakakamiza kusankha pakati pa kutembenuka msanga ndi kulondola. Akaphatikizidwa ndi gyro, trackpad n'kumatembenuza kwakukulu ndipo gyro n'kumamalizitsa, munthu amakhala ndi zida ziwiri zonse zouza gemu mtunda, ndipo palibe njira ina yogwira makina m'manja imene imayandikira mausi kuposa imeneyi. Mabatani anayi akumbuyo, L4, L5, R4 ndi R5, amathetsa vuto lakale la Vita, chifukwa kulumpha ndi kugwada kungaikidwe kumeneko chala chachikulu osachoka pamalo ake. Zovuta zake ndi ziwiri. Mtundu woyamba wa makinawa umalemera magalamu 669, ndipo kuchalira ndi gyro kwa nthawi yaitali kumatopetsa manja kuposa pa Switch ya magalamu pafupifupi 400. Chachiwiri n'chakuti magemu ena salola mausi ndi chowongolera kugwira ntchito pamodzi, ndipo amayamba kusinthasintha zizindikiro za mabatani pasikirini kapena kudodoma, kotero kuti wosewera amafunika kukhala pansi n'kukonza dongosolo lonse kuti lizioneka ngati kiyibodi ndi mausi. Amene safuna kutaya madzulo ake m'mamenyu aganizirepo kawiri. ROG Ally ya ASUS, ya 2023, ilibe ma trackpad konse, choncho kumeneko nkhani imabwerera ku tindodo ndi gyro.

Makampani awiri anasankha kungobweretsa mausi yeniyeniyo. Pa Legion Go ya Lenovo, ya 2023, chowongolera chakumanja chimachotsedwa n'kuimikidwa m'kachikho kapulasitiki, ndipo diso lowala la pansi pake limachisandutsa mausi yoimirira. Switch 2, imene inatuluka mu Juni 2025, imalola kugoneka Joy-Con chammbali n'kuitsetsereketsa pamalo osalala, ndipo Metroid Prime 4: Beyond imagwiritsa ntchito njirayi. Pa kulondola palibe chotsutsa, mausi ndi mausi. Koma kuti muigwiritse ntchito muyenera kuchotsa zowongolera, kuimika sikirini pa mwendo wake, ndi kupeza tebulo kapena kudalira ntchafu, imene siikhazikika ngati thabwa. Pamenepo makinawo asanduka kompyuta yaing'ono ya patebulo yokhala ndi sikirini ya mainchi 8 kapena 9 imene yaikidwa patali ndi maso. Kwa munthu wa paulendo amene amafikira m'chipinda chokhala ndi tebulo zimenezi n'zaphindu, koma funso la mmene munthu angachalire makina ali m'manja silinayankhidwe, langozembedwa.

Owerenga ambiri anayambira magemu a mfuti pa foni, kudzera mu PUBG Mobile ya 2018 kapena Call of Duty: Mobile ya 2019, ndipo luso limenelo silitayika. Kuseseretsa chala pagalasi kumauza gemu mtunda monga mmene trackpad imachitira, ndipo magemu onse awiriwa ali ndi gyro m'makonzedwe ake. Munthu wotere akagwira tindodo koyamba amaona ngati mfuti yamira m'phala, ndipo nthawi zambiri amazolowera msanga trackpad ndi gyro kuposa mnzake amene anakulira pa PlayStation.

Gemu yeniyeniyo nayonso ili ndi mawu pa chisankhochi. Metroid Prime yoyamba, ya 2002, inapangidwa kuti batani limodzi lizimangirira mfuti pa mdani, ndipo mtundu wake wa 2023 pa Switch umapereka madongosolo anayi, la tindodo tiwiri, lakale la kandodo kamodzi, lolozera ndi dzanja, ndi lophatikiza, kotero ndi malo abwino oyeserapo kusiyana kwake popanda kulangidwa kwambiri ndi adani. Pa gemu yosewera nokha yokhala ndi chithandizo chabwino chochalira, tindodo tokha n'tokwanira ndipo sititopetsa. Pa mpikisano ndi anthu ena, makamaka ngati ena mwa iwo ali pa kompyuta, gyro yophatikiza ndi kandodo kapena trackpad ndi imene ndingalangize aliyense amene akufuna kuti makina akhalebe m'manja, bola adziwe kuti masiku oyambirira adzaphonya kwambiri kuposa kale ndiponso kuti magemu ena amazimitsa chithandizo chochalira gyro ikayaka.

Wogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito ayang'anitsitse tindodo asanapereke ndalama. Tindodo tambiri timayeza malo ake ndi tizidutswa tokhulana m'kati, ndipo tikatha kapena fumbi likalowa, mfuti imayamba kuyenda yokha chala chisanakhudze, vuto limene linatchuka kwambiri pa Joy-Con. Pa Switch wamba Joy-Con ingasinthidwe payokha, koma pa Switch Lite ya 2019 ndi pa Vita tindodo tili m'thupi la makina ndipo pamafunika kutsegula. Tindodo ta maginito, monga ta Legion Go, tilibe mbali zokhulana zoyezera ndipo sitikutha mwa njira imeneyi. Kuyesa n'kosavuta: pa Switch muli tsamba loyezera tindodo m'makonzedwe a makina, ndipo pa makina ena mungatsegule gemu iliyonse ya FPS, kuchepetsa dera lonyalanyazidwa lija mpaka pansi ngati gemuyo ikulola, kuika makinawo patebulo gyro itazima, n'kuona ngati chizindikiro chochalira chikhala malo amodzi.